Kumanga fensi ya papuloti yosapha agwape: malangizo kwa anzanga a ntchito ya waya kuno ku Joni

Funso ili limandipeza kawirikawiri, makamaka kukayamba kuzizira: "Achimwene, tapeza gwape atakodwa pa waya, titani?" Ena amaimba ali ku Muldersdrift, ena ku Lanseria, ena kummwera uku ku Walkerville, ndipo nthawi zambiri amaimba nyama itafooka kale. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, kuti aliyense wogwira ntchito ya mipanda kapena yoyang'anira puloti awerenge yekha n'kutumizirako mnzake. Amalawi ambiri tili m'mapulotimu. Okumba maenje a mapolo ndife, okoka waya ndife, oyendera mpanda m'mamawa ndife. Abwana amagula zipangizo n'kunyamuka ulendo wa ku ofesi. Wosankha kuti waya uyu akhale pamsinkhu uti ndi amene wagwira tepi, ndipo ameneyo ndi inu.

Nyama zake ndi izi. Kuzungulira Johannesburg kuli agwape ambiri ndithu, omwe eni mapuloti amawatchula kuti duiker, ndiponso kanzawo kofiirira ka makutu akuluakulu kotchedwa steenbok. M'madambo muli mphoyo. Chakumapiri a Magaliesberg ndi m'mbali mwa mitsinje mumapezeka mbawala, ndipo m'mafamu a ku Cradle of Humankind muli nswala ndi ngoma. M'mafamu ena mudzaonanso nyama yamawangamawanga yotchedwa fallow deer, imene si yakuno koma inachita kubwera nayo kuchokera ku Ulaya. Waya sasankha, zonsezi amagwira mofanana.

Mpanda umapha m'malo atatu: pamwamba, pansi ndi pakona. Pamwamba zimachitika chonchi. Nyama ikamadumpha, miyendo yakutsogolo imadutsa bwinobwino, koma yakumbuyo ikangotsika pang'ono imalowa pakati pa waya wapamwamba ndi wachiwiri. Thupi likamagwera kutsidya, mawaya awiriwo amapotana n'kumanga mwendo pamwamba pa chiboda. Nyama imalendewera mutu pansi, ndipo ikamaphiriphitha waya amangolowerabe m'mnofu mpaka pafupa. Pansi pamavutika zazing'ono zomwe sizidumpha koma kukwawa: minga imazing'amba msana, kapena mayi amadumpha mwana n'kutsala, akuthamanga uku ndi uku m'mbali mwa mpanda mpaka agalu kapena nkhandwe zitamupeza. Pakona pamathera nyama yothamangitsidwa ndi agalu kapena moto: imatsata mpanda, kufika pakona njira yatha, imadziwomba pa waya khosi n'kuthyoka.

Si nkhambakamwa izi. Ku America, ofufuza awiri, Harrington ndi Conover, anayendera mipanda ya m'mbali mwa misewu ku Colorado ndi ku Utah, ndipo mu 2006 analemba kuti pa makilomita 4 aliwonse a mpanda pamafa nyama imodzi pachaka itakodwa, kuti ana amafa kuwirikiza ka 8 kuposa zikuluzikulu, komanso kuti mpanda woopsa kuposa yonse ndi wa mesh (waya wolukidwa ngati ukonde) wokhala ndi waya mmodzi waminga pamwamba pake. Mpanda umenewutu ndi womwe timamanga tsiku ndi tsiku kuno.

1. Yendani mzere wonse musanakumbe dzenje ngakhale limodzi

Pitani m'mamawa mame asanaume, kapena mvula itangokata. Mukufuna tinjira ta nyama: udzu wogona wopita mbali imodzi, mapazi a ziboda ziwiri zosongoka, timulu ta ndowe zazing'ono zakuda. Ngati pali mpanda wakale, yang'anani paminga. Pamene pakodwa ubweya ndi pamene nyama zimadutsa, ndipo pamene pakumbidwa pansi ndi pa nungu kapena njiri. Khomani kachikhomo pamalo aliwonse otere. Nyama sisintha njira chifukwa choti inu mwamanga mpanda. Imabwera pomwepo, usiku womwewo.

Samalani kwambiri kumene kuli madzi. Mpanda wodula pakati pa tchire ndi damu kapena mtsinje ndi umene umapha kwambiri, pakuti ludzu silidikira. Ku Botswana anaziona pamlingo waukulu: mipanda yoteteza ng'ombe ku matenda, monga wa Kuke wa m'zaka za m'ma 1950, inatsekera nyumbu njira za kumadzi, ndipo pa chilala cha 1983 zinafa zikwizikwi pafupi ndi Lake Xau. Papuloti panu sipafa zikwi, koma nkhani yake ndi imodzimodzi.

2. Siyanitsani mpanda wa panyumba ndi mpanda wa m'malire

Cholakwika chachikulu m'mapuloti ndi kufuna kuti mpanda umodzi ugwire ntchito zonse. Wa panyumba ndi woletsa akuba. Umenewo ukhale wolimba, wotsekeka, wautali, koma wozungulira malo ochepa: nyumba, garaja, khola, dimba la masamba. Wa m'malire ntchito yake ndi kusonyeza pothera malo ndi kusunga ng'ombe kapena mahatchi. Umenewu ndi umene uyenera kulola nyama zakutchire kudutsa. Zambiri zimene ndikunena m'munsimu ndi za mpanda wa m'malire ndi wa m'makampu a ziweto. Famu yoweta nyama zakutchire ndi nkhani ina: kumeneko amamanga mpanda wa mamita 2.4 chifukwa ngoma imadumpha mamita 2 osavutika.

3. Miyezo ya waya, ndipo apa gwiritsani tepi, osati maso

Kwa amene mwangoyamba ntchitoyi, mayina a zipangizo ndi awa. Strainer ndi polo yaikulu ya pakona kapena pageti, yomwe waya amakokerapo. Standard ndi chitsulo chokhomera pansi pakati pa mapolo. Dropa ndi kamtengo kapena kachitsulo kopyapyala komwe sikalowa pansi, kamangomangiriridwa pa mawaya kuti asayandikane kapena kutalikirana.

Pa mpanda wa ng'ombe kapena mahatchi mawaya 4 akukwana. Kuyeza kuchokera pansi: woyamba pa masentimita 45, wachiwiri pa 60, wachitatu pa 75, wapamwamba pa 105. Ngati mungathe kutsitsa wapamwamba kufika pa mita imodzi, ndi bwinonso, bola mpata wa pakati pa iye ndi womutsatira usachepe masentimita 30. Mpata umenewu ndiye mwini nkhani yonse. Ukachepa, mawaya awiri aja amatha kupotana n'kugwira mwendo. Ukakwana 30 ndipo mawaya ali okoka, mwendo umagunda n'kutuluka. Ambiri timazolowera kugawa mipata mofanana kuti mpanda uoneke bwino, ena mpaka kuthinitsa mawaya apamwamba poganiza kuti ndiko kulimba. Lekani zimenezo.

Waya wapansi ndi wapamwamba akhale wosalala, wopanda minga. Minga ikhale pa awiri apakati, pomwe ng'ombe imatsamira. Abwana akadandaula kuti ng'ombe zidzatuluka, auzeni kuti ng'ombe yaikulu siikwawa pa mpata wa masentimita 45. Chimene chimaitulutsa ndi waya wolendewera ndi geti yosiyidwa yotsegula.

Kokani waya mpaka alimbe. Waya wokoka bwino ukamumenya ndi pulaya amalira ngati bangwe. Akangoti phwa, bwererani pa strainer. Madropa asatalikirane kuposa mamita 3, ndipo muwamange zolimba kuti asamatsetsereke. Pamalo otsetsereka kumbukirani kuti nyama yochokera kumunsi imauona mpanda wautali kuposa mmene tepi ikunenera, choncho pamenepo tsitsani waya wapamwamba pang'ono.

Chomaliza apa, mpanda uzioneka. Nyama zambiri zimayenda chisisira ndi mbandakucha, ndipo waya wopyapyala sizimuona zikamathamanga. Pamalo aja munakhoma zikhomo, vekani waya wapamwamba paipi yoyera ya pulasitiki yong'ambidwa m'litali, kapena mangani tepi yoyera yomwe amagwiritsa ntchito pa makampu a mahatchi. Zimenezi zimapulumutsanso akadzidzi, omwe amakodwa mapiko paminga akamasaka usiku.

4. Mesh, palisade ndi razor

Mesh ya mabokosi, imene ambiri timangoitchula ndi dzina la kampani kuti Bonnox, ndi yofunika poweta nkhosa ndi mbuzi, sindikana. Koma musaike waya mmodzi waminga chapamwamba pake pang'ono monga tinazolowera. Mwina waya wapamwambayo akhale wosalala ndipo agundane ndi mesh, osasiya kampata, kapena atalikire masentimita 30. Ndipo mesh iliyonse yaitali imafuna zipata, zomwe ndikuzifotokoza pa nambala 5.

Palisade, mpanda wa zitsulo zoimirira, ili ndi mavuto awiri. Gwape akathamangitsidwa amalowetsa mutu ndi mapewa pakati pa zitsulo, chiuno n'kukanirira, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Zimachitika kwambiri pamene chitsulo chinapindidwa ndi akuba kapena galimoto n'kusiyidwa choncho. Wongolani zopindika, ndipo kumbali yoyang'ana kutchire ikani mesh ya timabowo ting'onoting'ono mita imodzi kuchokera pansi. Vuto lachiwiri ndi palisade yaifupi ya nsonga zakuthwa: nyama imayesa kudumpha n'kubayidwa pamimba. Yotereyi iwotcherereni chitsulo chopingasa pamwamba kuti nsonga zibisike.

Razor, waya wa timipeni takuthwa ngati lezala, yogoneka pansi m'tchire ndilibe nayo mawu abwino. Udzu ukamera imabisika, ndipo imacheka chilichonse, kuphatikizapo inu nomwe potchetcha. Ngati abwana aumirira, ikhale pamwamba pa khoma la panyumba basi.

5. Siyani zipata pomwe nyama zimadutsa kale

Njira yotchipa ndi tayala lakale la galimoto. Dulani mesh pamalo pomwe pali kanjira, imikani tayala, kwirirani mbali yake yapansi m'dothi, kenaka mangirirani mesh kuzungulira tayalalo ndi waya wosalala, nsonga zonse zitapindidwira kunja kwa bowo. Alimi ena ku Namibia anayesa njirayi ndipo nyama zambiri zinayamba kudutsa m'matayala m'malo mokumba maenje atsopano. Pa mpanda wa mawaya, ingonyamulani waya wapansi n'kumumanga pa wachiwiri pakati pa ma standard awiri.

Ikani chipata pafupi ndi kona iliyonse, pachifukwa ndanena kale chija. Koma musaike chipata chotulukira kumsewu waukulu. Ngati puloti yagundana ndi N14 kapena R512, mbali imeneyo itsekeni ndithu, zipata zikhale kumbali ya tchire, dambo kapena mtsinje. Apo ayi mwachotsa gwape pa waya n'kumupereka kwa lole.

Oweta nkhosa adzafunsa za nkhandwe, ndipo akunena zoona, pomwe padutsa gwape nkhandwe idutsanso. Yankho lake ndi khola lotsekeka usiku. Nkhandwe imakumba pansi pa mesh ngakhale musasiye chipata.

6. Fensi yamagetsi

Choopsa ndi waya wamoto wapansi penipeni, uja amamuika kuti aletse zokumba. Gwape akagwidwa shoko amadumpha n'kuthawa, koma fulu akagwidwa amalowetsa mutu m'chigoba n'kukhala pomwepo, magetsi akumumenyabe mpaka kufa. Kanungu kamadzipinda, ngaka imachita kudzikulunga pa waya weniweniyo. Nsato ndi ng'azi nazonso zimathera pamenepo. Waya wamoto wapansi akhale masentimita osachepera 30 kuchokera pansi. Ameneyu musamusunthe panokha. Kuyambira mu 2012 lamulo la dziko lino limafuna kuti fensi yamagetsi yatsopano kapena yosinthidwa ikhale ndi setifiketi yochokera kwa katswiri wolembetsedwa, ndiye auzeni abwana aitane amene anaimanga.

7. Kukambirana ndi abwana

Apa ndi pomwe ambiri timagwa ulesi, poti kuno munthu ukangotchula bowo pa mpanda, nkhope ya mwini puloti imasintha. Musawaone ngati ouma mtima. Umbava wa m'mapuloti ndi weniweni, ndipo ena anaonapo zoopsa m'nyumba zawo. Choncho musayambe ndi chisoni cha gwape. Yambani ndi ndalama ndi chitetezo.

Atengeni mukawaonetse maenje omwe mumakwirira sabata ndi sabata, nungu n'kumakumbanso pomwepo. Aonetseni pomwe waya anaduka nyama itadziwomba. Auzeni kuti chipata chimodzi chokonzedwa bwino chimathetsa ntchito yobwerezabwereza imeneyi. Za akuba nenani mosapsatira: wakuba amayenda ndi pulaya, mpanda wa mawaya wa m'malire sumuchedwetsa ngakhale mphindi imodzi, kaya pali tayala kaya palibe. Chomuletsa ndi mpanda wa panyumba, alamu ndi agalu. Ndalama yomwe ikanathera pa razor ya m'malire ipite kumeneko. Mukatero n'kuwapempha kuti muyese mbali imodzi yokha kaye, ambiri amavomera.

Kumbukiraninso kuti mpanda wa m'malire ndi wa anthu awiri. Lamulo la Fencing Act la 1963 limaika udindo wa mpanda wotere pa eni malo a mbali zonse ziwiri. Musadule kapena kusintha kalikonse abwana asanalankhule ndi aneba awo, chifukwa mlandu ukabuka woyamba kulozedwa chala ndi amene anagwira pulaya.

8. Zotsala za waya, kuyendera mpanda, ndi nyengo ya moto

Mukamaliza ntchito tolani kachidutswa kalikonse. Mpanda wakale musaugwetse n'kuusiya m'udzu. Kulungani, nyamulani, kagulitseni kwa a zitsulo zakale. Waya wotayidwa amakola miyendo, komanso ndi amene anthu amapangira makhwekhwe. Mukapeza khwekhwe pachipata chanu, chotsani n'kuuza abwana tsiku lomwelo, pakuti otchera misampha amadziwa kuti nyama zimadutsa pamenepo.

Kuyambira May mpaka September udzu wa kuno umauma gwa, ndipo moto wolusa suchedwa. Moto ukamabwera tsegulani mageti a kumbali yomwe nyama zikuthawira, ngati mungathe kutero osaika moyo wanu pachiswe. Ukadutsa, yenderani mpanda wonse: waya wopsa amafooka, amalendewera, sachedwa kuchita dzimbiri, ndipo madropa amtengo amakhala atapserera. Agalu a papuloti asamayendeyende okha usiku. Agwape ambiri omwe timawapeza pa waya anachita kuthamangitsidwa.

9. Mukapeza nyama itakodwa

Gawo ili ndi limene anthu amandiimbira, ndipo ndi limene mabuku a zomangamanga salitchula n'komwe. Werengani modekha.

Poyamba imani patali. Musathamangire pomwepo, musakuwe, musaitane gulu lodzajambula. Mangani agalu. Ngati mpanda uli wamagetsi, tumani wina akazimitse. Chifukwa chake n'chakuti nyama za mtundu wa gwape zimafa ndi mantha enieni. Ikalimbana nthawi yaitali, mtima ukugunda mopitirira, minofu yake imawonongeka, zoipa zochokera m'minofuyo zimapita ku impso, mkodzo umasanduka wakuda, ndipo imatha kufa patapita maola kapena masiku ngakhale mwaimasula bwinobwino. Madokotala a nyama amati capture myopathy. Phokoso lililonse, dzanja lililonse loigwira, zimawonjezera vutoli. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, imbani foni musanagwire. Uzani abwana, kenaka bungwe loteteza nyama la SPCA la m'dera lanu kapena Johannesburg Wildlife Veterinary Hospital ya ku Midrand, yomwe imathandiza nyama zakutchire za dziko lino kwaulere. Manambala awo asungeni mufoni lero, osadikira tsiku la ngozi. Jambulani chithunzi chimodzi muli patali, tumizani pa WhatsApp pamodzi ndi lokeshoni, kuti akuuzeni ngati mungamasule nokha kapena muwadikire.

Chachitatu, onani kukula kwake. Gwape ndi steenbok anthu awiri angathe, poti gwape wamkulu amangolemera makilogalamu pafupifupi 20. Mbawala yamphongo musayerekeze. Akumudzi mukuidziwa, ikapanikizidwa imabaya galu ngakhale munthu. Mphoyo, nswala ndi ngoma nazonso zisiyireni dokotala wobwera ndi mankhwala ogonetsa. Ntchito yanu pamenepo ndi kuthamangitsa agalu ndi anthu, basi.

Ngati ndi gwape ndipo akuuzani kuti mumasule, tengani thaulo kapena bulangete lakuda, magolovesi achikopa, pulaya yodulira waya, ndi katoni yolimba kapena bokosi lokhala ndi timabowo ta mpweya. Gawanani ntchito musanayandikire, kuti pamalopo pasakhale kulankhula. Yandikirani kuchokera kumsana kwake, osati kumiyendo. Ziboda zakumbuyo n'zakuthwa ndipo zimang'amba mkono, ndiponso wamphongo ali ndi tinyanga tifupitifupi tosongoka. Choyambirira kuchita ndi kuphimba kumutu, mphuno osaitseka. Maso akangophimbidwa, nyama zambiri zimatonthola. Idzalira mokweza, kulira komvetsa chisoni, musatekeseke n'kuisiya.

Munthu woyamba anyamule thupi, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina pachiuno, msana wa nyama utatsamira pachifuwa pake, miyendo italoza kutali. Cholinga ndi chakuti kulemera kwake kuchoke pamwendo wokodwawo. Wachiwiri ndiye wa waya. Musakoke mwendo, ngakhale pang'ono. Ngati wagwidwa pakati pa mawaya awiri opotana, lowetsani dropa kapena ndodo yolimba pakati pa mawayawo pafupi ndi mwendo, n'kupotoza mobwerera kuti mpata utseguke. Zikakanika, dulani waya mmodzi, koma patali ngati mkono umodzi kuchokera pamwendo. Waya wokoka akaduka amakwapula, ndiye mugwireni ndi golovesi kumbali ya nyama, nkhope yanu ikhale kumbali. Abwana asakuopsezeni ndi mtengo wa waya, kulumikiza ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kachidutswa kakalowa m'mnofu musakazule, adzachotsa ndi dokotala. Pa palisade musakankhe nyama kutsogolo kapena kuikokera m'mbuyo. Tanulani zitsulo ndi jeke ya galimoto, wina atainyamula chiuno.

Tsopano, kumasula kapena kusunga? Ngati mwaiona ikukodwa nthawi yomweyo, khungu silinang'ambike, ndipo ikuponda miyendo yonse, ikhazikeni pansi itayang'ana kutchire, osati kumpanda kapena kumsewu, chotsani thaulo pomaliza, n'kubwerera m'mbuyo mwakachetechete. Koma ngati yagona pa waya usiku wonse, musanyengeke poona kuti bala ndi laling'ono. Pamene waya anamanga, magazi sanali kuyenda, ndipo mnofu umayamba kufa patapita masiku, chiboda mpaka kuthothoka. Yotereyo ilowe m'bokosi, pamthunzi, pamalo a zii, mpaka othandiza afike. Musaimange miyendo ndi chingwe. Musaiike kumbuyo kwa baki padzuwa. Musaitsanulire madzi m'kamwa, amapita m'mapapo. Musaipatse chakudya, ndipo musaipake mankhwala a ng'ombe kapena oyilo pabala.

Pali nkhani ina yomwe tiyenera kuuzana ngati abale. Ndikudziwa zimene zimabwera m'mutu munthu ukaona gwape ali lende pa waya, mwezi uli pakati, m'thumba muli mbee. Kwathu tikanati ndiwo zadzibweretsa zokha. Kuno ayi. Malamulo a ku Gauteng, kuyambira pa Nature Conservation Ordinance ya 1983, salola kupha, kusunga kapena kunyamula nyama yakutchire popanda chilolezo, ndipo wapolisi akakupezani ndi nyama m'chikwama sadzasiyanitsa yokodwa pa mpanda ndi yotchera dala. Kwa mlendo, mlandu wotere suthera pa faindi. Ntchito imatha, mapepala amalowa m'mavuto, ena mpaka kukwezedwa basi ya ku Mwanza. Ngakhale mwendo utathyoka moti nyama siingachire, woganiza zoipumitsa ndi dokotala kapena a SPCA, osati mpeni wanu. Mukaipeza itafa kale, jambulani ili pomwepo, uzani abwana, iwo ndiwo anene chochita.

Za ana. Mukapeza kamwana ka gwape katagona phee m'udzu pafupi ndi mpanda, si kamasiye. Mayi amakabisa n'kupita kukadya, amabwera kudzayamwitsa kukada. Musakanyamule kupita nako kuchipinda, mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba ndipo sikachedwa kufa. Ngati mukuona kuti mayi ali tsidya lina la mesh, tsegulani bowo pansi pafupi ndi pomwe kagona, chotsani agalu, chokanipo. Kaoneni m'mawa mwake muli patali. Kakakhala kakadali pomwepo, kakulira kapena kali ndi bala, pamenepo imbani foni.

Nyama ikachoka, musangolumikiza waya mmene analili. Tengani tepi muyeze pamalopo: msinkhu wa waya wapamwamba, mpata wa pakati pa awiri apamwamba, mpata wa pansi. Chimodzi mwa zitatuzi mudzachipeza cholakwika, kapena waya ali wolendewera. Konzani tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, muikepo paipi yoyera kapena chipata, chifukwa kanjira kameneko sikayenda gwape mmodzi.